Wouluka Adikire M'mwamba

M'dziko la Weramani, kumene ngakhale tambala amayamba wapempha chilolezo asanalire, munali mfumu dzina lake Chamtunda Wachinayi. Musavutike kulifuna dzikoli pamapu. Ojambula mapu anafika pamalire, atauzidwa kuti alowe chogwada anabwerera kwawo.

Mfumu Chamtunda sinali yankhanza ayi, tisaisemere chinyau. Sinamenyepo munthu, ndipo ana inkawakonda. Vuto lake linali limodzi lokha: inali yaifupi, ndipo inkadziwa kuti ndi yaifupi. Ndiye m'dzikomo munali malamulo awiri amene mwana ankawadziwa asanadziwe n'komwe mfunda wa bambo ake. Loyamba linkati mutu wa munthu usapose mutu wa mfumu, n'chifukwa chake mfumuyo inkayenda yonyamulidwa pampando, n'kumakhala pamalo okwera okhaokha ngati nkhuku yofuna pogona. Lachiwiri linkati mfumu ikaimirira, ikatsokomola kapena kuyetsemula, aliyense aweramitse mutu ndi kuomba m'manja katatu.

Lachiwirili linalowa m'magazi. Manja a anthu a ku Weramani ankaomba okha, eni ake asanaganize. Ku Indebwana, likulu la dzikolo, mapale ankangoti mbwee m'misewu nyengo ya chimfine, pakuti mkazi wosenza madzi akamva wolengeza akufuula kuti "Yayetsemula!" ankasiya mtsuko n'kuomba. Palibe ankadandaula. Oumba mitsuko ndiye ankaipempherera mfumu tsiku ndi tsiku kuti ikhale ndi moyo wautali, komanso chimfine chosatha.

Tsono m'dziko lomweli munabuka masewera ochemerera. Anayamba mwachibwana. Atsikana a pamsika wa Nong'onani ankapita kukachemerera timu yawo ya mpira, ndipo poti mpanda wa bwalo unali wautali, ankakwerana pamapewa kuti aone. Tsiku lina chigoli chitalowa anamuponya mnzawo m'mwamba, anthu n'kusiya kuonera mpira n'kumaonera iwo. Pomwe zaka khumi zinkatha n'kuti mpira utaiwalika. Dera lililonse linali ndi gulu lake la ochemerera, ndipo chaka ndi chaka ankapikisana pa Bwalo la Ombani: kuimba, kuvina, kugwedeza timitolo ta ulusi wa masaka, kenaka chimene anthu ankadzera, kuponyana m'mwamba. Onyamula anzawo ankatchedwa mizati. Woponyedwayo ankatchedwa wouluka. Kumbuyo kwawo kunkaima munthu mmodzi wosavina, wosaimba, wosamwetulira n'komwe, amene ankamutcha wowakha.

Amene analemba malamulo a chitetezo cha masewerawa anali Anachisale, telala wa pamsika wa Nong'onani. Iwowa ndiwo anali wouluka woyamba m'dzikomo, ndipo ankayenda chotsimphina. Tsiku limene anagwa, wowakha wawo anacheuka kamodzi kokha chifukwa mnyamata wina anamuimbira likhweru. Kucheuka kamodziko kunawagoneka Anachisale pamphasa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ali chigonere analemba malamulo m'kope la kusukulu. Zikhadabo ziwengedwe, ndolo zivulidwe, pansi pakanyowa munthu asaponyedwe, ndi ena otero. Koma pamwamba pa onse analemba ili, mochita kudinikiza pensulo mpaka pepala kubooka: "Wowakha ali ndi munthu mmodzi. Maso ake asachoke pa munthuyo, manja ake akhale otambasula, kufikira munthuyo ataponda pansi."

Unduna wa Masewera, Chitetezo ndi Ulemu unalitenga kopelo, n'kulitupitsa kukhala buku la masamba mazana atatu, n'kuika chithunzi cha mfumu pachikuto. Dzina la Anachisale munalibemo. Iwo sanadandaule, ankati bola ana a eni akutsika ndi makosi awo.

Chaka chimene tikunenachi, wouluka wa gulu la Anachisale anali Mwandida, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, wochepa thupi ngati mpheta koma wopanda mantha mpang'ono pomwe. Wowakha wake anali mkulu wake weniweni, Felesiya, amene ankanyamula matumba a chimanga kuchigayo, mikono ngati minsi. Mayi awo anamwalira Mwandida akuyamwa, ndipo Felesiya ndiye anamulera, kumubereka kumbuyo iyenso ali mwana. Awiriwa anali ndi sewero lawo lotchedwa Namzeze. Mizati inayi inkamuponya Mwandida kutalika kwa amuna atatu osanjikizana, iye n'kuzungulira kawiri m'malere, n'kutsika chagada, maso kumwamba, osaona kumene akugwera. Mizati inkalandira miyendo. Mutu ndi khosi zinali za Felesiya.

Mavuto anabwera ndi uthenga wabwino, monga mwa masiku onse. Nduna ya Masewera, Chitetezo ndi Ulemu, a Gwadireni, analengeza pawailesi kuti chaka chino Mwinidziko adzaonerera yekha mpikisano, chinthu chimene sichinachitikepo, komanso kuti wamva mbiri ya Namzeze ndipo akufuna kumuona ndi maso ake.

"Mwalemekezekatu, Anachisale," anatero a Binali, okhoma ndowa moyang'anana ndi khonde la Anachisale.

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anayankha Anachisale osadzutsa mutu pamakina.

Khonsolo ya Anamandwa inakhala pansi masiku atatu kukambirana za lamulo loyamba, pakuti zinali zoonekeratu kuti Namzeze adutsa mutu wa mfumu. Namandwa wina anati ochemerera azisewerera m'dzenje. Wina anati aziponyana cham'mbali. Pomaliza anagwirizana zoti mfumu imangiridwe nsanja yotalika amuna anayi, ndipo ntchitoyo inaperekedwa kwa alamu awo a nduna, amene chiyambire anali atamangapo nkhokwe ziwiri, imodzi n'kugwa. Pambali pa nsanjayo anazika nsungwi yomangiriridwa kansalu kofiira polingana ndi chibwano cha mfumu ikakhala pansi. Wouluka akalekeza kunsi kwa kansaluko, ndiye kuti sewero n'lololedwa. Akadutsa, n'kuukira boma.

Za lamulo lachiwiri palibe namandwa anazikumbuka. Anazikumbuka ndi Anachisale. Mmawa wina pokonzekera anamukhazika Mwandida pambali, n'kudzaza thumba ndi gaga wolemera ngati iyeyo, n'kulikulunga chitenje.

"Lero muponya ili," anatero. "Felesiya, ameneyu ndi mng'ono wako."

Mizati inaliponya thumba lija bwinobwino. Lili m'mwamba, Anachisale anafuula ndi mawu a wolengeza wa kunyumba yachifumu: "Yaimirira!"

Phwa! Phwa! Phwa! Mizati inayi inaomba, mitu pansi. Felesiya naye anaomba. Thumba linafika chamutu, phuu, gaga n'kumwazika mpaka pamapazi a Mwandida.

Felesiya ankangoyang'ana manja ake ngati wachita kubwereka.

"Achemwali," anatero Mwandida, akuyesa kuseka, "ndiye kuti ameneyo ndi ine?"

"Amayi, sindinafune," anatero Felesiya, misozi ili chuchuchu. "Ndinali kuliyang'ana, Mulungu akudziwa."

"Ndikudziwa, mwanangu. Si iwe ayi, ndi manja," anatero Anachisale.

Tsiku lomwelo Anachisale anavala chitenje chatsopano kuti akafunse kukhonsolo. A Binali anasiya kukhoma ndowa.

"Mayi inu, kufunsa tanthauzo la lamulo kuno n'kuputa mavu. Lamulo likagona mumalisiya ligone."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, a Binali. Mwana akagwa sadzagwera pandowa zanu, adzagwera m'manja mwanga."

Anawadikiritsa pakhonde kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Atalowa anagwada, chiuno chovulala chija chikulira, pamaso pa anamandwa khumi ndi awiri, a Gwadireni ali pakati. Kudzanja lamanja kwa nduna kunali a Potozani, Womasulira Malamulo Wamkulu, munthu amene chaka cha chilala anafotokozera dziko kuti mvula yagwa ndithu, kungoti yagwera kumalo kumene kulibe anthu.

"Bwana nduna, ndabwera ndi funso limodzi," anatero Anachisale. "Mwana ali m'mwamba, Mwinidziko n'kuimirira. Wowakha atani? Awakhe kapena aombe?"

A Gwadireni anayang'ana a Potozani. A Potozani anapukuta magalasi, n'kutsekula buku lija la masamba mazana atatu.

"Mayi, funso lanu likuoneka ngati likunena kuti malamulo awiri akutsutsana. M'dziko muno malamulo satsutsana, amangopatsana njira. Tiyeni tiwerenge. Buku likuti wowakha ali ndi munthu mmodzi. Tsono ndikufunseni, m'dziko la Weramani, munthu mmodzi amene aliyense ali naye ndani? Ndi Mwinidziko. Amene analemba lamuloli ankanena za mfumu."

"Ndinalemba ndine, bwana. Ndinkanena za mwana woponyedwa."

"Mayi, kulemba ndi kwina, kudziwa chimene mwalemba ndi kwina. N'chifukwa chake boma linandilemba ine ntchito."

Anamandwa anagwedeza mitu, ena mpaka kulemba mawuwo m'timabuku tawo.

"Ndiye ndipemphe chinthu chaching'ono," anatero Anachisale. "Mwana amakhala m'mwamba nthawi yopuma kawiri basi. Mwinidziko atangodikira kupuma kuwiriko asanaimirire..."

Eee, mukanaona! Namandwa wina anagwetsa ndodo, wina anatseka makutu, wina anapempha madzi. A Gwadireni anaimirira thukuta lili kamukamu.

"Mfumu idikire? Idikire mwana wa kuchigayo? Mayi, mawu amenewa sitinawamve, inunso simunawanene. Mlembi, fufuta."

"Ngati zili choncho, bwana, gulu langa lituluke mumpikisano."

"Kutuluka n'kunena kuti pamaso pa mfumu pali ngozi," anatero a Potozani mofatsa. "Pamaso pa mfumu palibe ngozi. Namzeze adzaseweredwa. Ngati inu ndi wowakha wanu mwachita mantha, undunawu uli ndi wowakha wake, mwana wa mchemwali wawo wa bwana nduna. Mtsikana waulemu kwabasi. Chaka chatha analandira mendulo ya kuomba m'manja."

Anachisale anatuluka. Njira zonse anali atawatsekera, ndipo kwa nthawi yoyamba anadandaula kuti analemberanji kope lija.

Koma khonsolo sinafune kuti anthu azinena kuti funso laikanika, choncho patapita masiku awiri wolengeza anafika pamsika wa Nong'onani ndi ng'oma, n'kuwerenga chigamulo: "Pofuna kuteteza miyoyo ya ochemerera, amene Mwinidziko amawakonda ngati ana ake, Khonsolo ya Anamandwa yalamula kuti mfumu ikaimirira wouluka ali m'mwamba, woulukayo adikire komweko kufikira kuomba kutatha. Kuyambira lero kugwa pamaso pa mfumu n'koletsedwa. Wogwa adzaimbidwa mlandu, ndipo akakhala kuti sangathe kuyankha, adzayankha abale ake."

Msika unaomba m'manja mpaka wolengeza atakhota pakona.

"Basi, vuto latha," anatero a Binali. "Akanaletsanso malungo tsiku lomweli, tikanapuma."

"Musawapatse nzeru," anatero Anangozo, ogulitsa mazira. "Angamange odwala."

"Ine ndikukauza mango a kwathu. Akhala akuphwanya lamulo chaka ndi chaka," anatero a Binali.

Anthu anaseka, koma chapansipansi, chifukwa msikawo sanaupatse dzina pachabe. Felesiya yekha sanaseke. Anapita pabenchi la Anangozo n'kufunsa ngati ali ndi mazira osukusa, aja oti ngakhale galu amawalambalala.

"Alipo dengu lonse. Ufuna ukalodze ndani?"

"Ndifuna ndilodze manja angawa."

Kuyambira tsiku limenelo Felesiya ankayendayenda mumsika ndi dzira lovunda m'dzanja lililonse, ndipo anapempha aliyense kuti azimudzidzimutsa. Sanachite kupempha kawiri. Anthu amene moyo wawo wonse ankangomvera mawu a wolengeza anapeza mwayi woti awafuule okha. Ogulitsa tomato ankati akamuona wadutsa, "Yatsokomola!" A Binali, pakati pokhoma ndowa, "Yaimirira!" Ndipo Felesiya, phwa, mazira awiri n'kuphulika m'manja. Fungo lake, Ambuye! Sabata yoyamba mwini chigayo anamuuza kuti azinyamulira matumba panja. Mwandida anasamutsira mphasa yake pakhomo. Ntchentche za mumsika wonse zinamudziwa ndi dzina.

Choseketsa n'chakuti ofuulawo nawonso ankaomba. Munthu afuule yekha bodza lake, n'kuweramitsa mutu, n'kuombera bodzalo katatu. Msika wonse unkaima kangapo patsiku kulemekeza chifuwa cha mfumu imene inali kutali, ikudya bwinobwino kwawo.

Dengu loyamba linatha, lachiwiri linatha. Tsiku la makumi awiri, Felesiya akudutsa pa ogulitsa makala, Anachisale eni ake anamuzembera kumbuyo n'kukuwa m'khutu mwenimweni, "Yaimirira!" Msika wonse phwa, phwa, phwa. Felesiya anaima chilili, mapewa akunjenjemera, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Atatambasula manja, mazira onse awiri anali amphumphu. Anakhala pansi pomwepo pafumbi la makala n'kulira ngati mwana.

"Ukudziwa kuti chimene waphunzirachi n'chokumangitsa?" anamufunsa Anachisale motsitsa mawu.

"Ndikudziwa, amayi. Kundende anthu amatulukako. Khosi la Mwandida simungalisoke pamakina anu."

Tsiku la mpikisano Bwalo la Ombani linadzaza mpaka ena kukhala m'mitengo, apolisi n'kuwatsitsa chifukwa cha lamulo loyamba. Mfumu inakwezedwa pansanja ndi chingwe, nsanjayo ikulira kwekwekwe, alamu awo a nduna akuyang'ana kumbali. Pansi pake panaima asilikali khumi ndi awiri osankhidwa, oteteza thupi la mfumu. A Gwadireni analankhula maola awiri za chitetezo, n'kukumbutsa dziko kuti chikhazikitsire lamulo latsopano palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene wagwa, umboni wakuti boma likugwira ntchito.

Magulu ena anasewera mochenjera. Ankaponyana pang'ono chabe, ngati mayi akusewera ndi khanda, ndipo mfumu inayamba kuyasamula. Mwamwayi kuyasamula kunalibe lamulo.

Kenaka linalowa gulu la Nong'onani. Anaimba, anavina, anagwedeza ulusi wawo wa masaka. Mwandida anakwera m'manja mwa mizati, n'kucheuka kamodzi.

"Achemwali, mulipo?"

"Ndilipo. Pita."

Anamuponya. Kaya ndi mantha, kaya ndi mphamvu ya phala la mmawa umenewo, mizati inaponya kuposa masiku onse. Mwandida anakwera, anakwera, n'kudutsa kansalu kofiira ngati sakukaona, mpaka maso ake analingana ndi maso a Chamtunda Wachinayi. Chibadwire mfumuyo inali isanayang'anidwepo ndi munthu maso ndi maso. Inadzidzimuka. Inaimirira kuti mutu wake ukhalebe pamwamba, ndipo poona kuti sizikukwanira, inanyang'ama ndi zala za kumapazi, m'mphepete mwenimweni mwa nsanja.

"Yaimirira!" anafuula wolengeza.

Bwalo lonse linawerama. Phwa! Mizati inayi inaomba. Oweruza anaomba. Anachisale, amene analemba lamulo ndi dzanja lawo, anapezeka kuti aomba, n'kukuwa "Mayo ine!" manja ali chiombere. Phwa! Mwandida anazungulira kachiwiri n'kuyamba kutsika chagada, pansi pake palibe mzati ndi umodzi womwe. Felesiya analowa pakati, maso m'mwamba, manja otambasula, n'kumulandira yense, mutu, msana ndi miyendo, pachifuwa pake. Anadzandira, bondo limodzi linagunda pansi, koma sanamutaye.

Phwa wachitatu anamveka limodzi ndi thabwa lothyoka. Mfumu inatsika kutalika kwa amuna anayi, ikupalasa m'malere, kudutsa pakati pa asilikali khumi ndi awiri amene anali ataweramitsa mitu mwaulemu wonse, akumaliza kuomba. Thi!

Anthu atadzutsa mitu anaona Mwinidziko ali gone pafumbi, ndipo nthawi yomweyo anakumbukira lamulo loyamba. Mutu wa mfumu unali pansi penipeni. Bwalo lonse linadzigwetsa chafufumimba, anamandwa, apolisi, ogulitsa nzimbe, a Gwadireni ndi mimba yawo. Madokotala awiri anayamba kukwawa kulunjika kumene kunali mfumu, mphuno zikulima fumbi, ndipo anatenga nthawi ndithu.

Mfumu inagona pamenepo ikubuula, chiuno chitachoka m'malo. Itatembenuza mutu inaona misana yokhayokha, misana zikwizikwi, ndipo pakati pa misanayo panali mtsikana mmodzi ataimirira, atanyamula mng'ono wake, akumupukuta kumaso n'kumamufunsa ngati wapweteka. Sankayang'ana n'komwe kumene kunali mfumu.

Mawa lake wailesi inalengeza kuti Mwinidziko, chifukwa chokonda anthu ake, anatsika mofulumira kuti akhale nawo pafupi. A Potozani anafotokoza kuti kumeneko sikugwa, pakuti kugwa n'koletsedwa ndipo mfumu singaphwanye lamulo. Alamu awo a nduna anapatsidwa ntchito yomanga nsanja ina. Felesiya anamangidwa pa milandu itatu: kusaomba, kuimirira mfumu ili pansi, ndi kulepheretsa wouluka kudikira m'mwamba monga mwa lamulo.

"Wachitatuwo ndiye waukulu," anatero a Binali kumsika. "Mwana anali atatsala pang'ono kuphunzira kudikira."

Palibe anaseka. Anachisale anakhala masiku asanu osakhudza makina, akungoyang'ana manja awo. Mwandida ankapita kupolisi mmawa uliwonse ndi kambale ka chakudya, n'kubwera maso ali psuu.

Mlandu unazengedwa patatha mwezi, mfumu itayamba kukhala tsonga. Anailowetsa pampando wake, ndipo anthu anaona kuti poisuntha inkaluma mlomo monga amachitira Anachisale pogwada. A Potozani analankhula mpaka thovu kukamwa, n'kupempha zaka khumi. Mfumu sinkawamvera. Inkayang'ana mikono ya Felesiya.

"Iwe mtsikana," inatero, "asilikali anga khumi ndi awiri anaomba. Iwe unalekeranji?"

"Ndinali ndi munthu m'mwamba, Mwinidziko."

"Ukanakhala pansi pa nsanja yanga, ukanandiwakha?"

"Mukanakhala munthu wanga, ndikanakuwakhani. Si olemera inu."

Khoti lonse linasiya kupuma. Koma mfumu sinakwiye. Inali itagona mwezi wathunthu ikulota ikugwa, ndipo munthu wolota akugwa sasamala za kulemera kwake.

"Chilango chako ndi ichi," inatero. "Kuyambira lero uziima pansi pa mpando wanga kulikonse kumene ndakwera. Iwe wekha m'dziko muno ndakuletsa kuomba m'manja. Mlembi, lemba."

A Potozani anayamba kufotokoza kuti chimenechi ndicho buku linkatanthauza kuyambira kale. Felesiya anagwada, n'kudikira kuti amalize.

"Mwinidziko, ndamva, ndipo ndidzaima. Koma ndisakunamizeni, mungadzandidalire pachabe. Mapanga awiri avumbwitsa. Masiku ena onse ndinu munthu wanga. Koma tsiku la mpikisano, Mwandida akakhala m'mwamba, maso anga adzakhala pa iye, ndakhala ndikumuyang'ana chibadwire. Mukadzaimirira nthawi imeneyo, anthu onse adzaomba, wowakha wake adzaomba, ine ndidzathamangira kwa mng'ono wanga. Pansi panu padzatsala asilikali aja."

A Gwadireni anatsekula pakamwa kuti auze mlembi afufute, koma mfumu inakweza dzanja. Inayang'ana asilikali ake khumi ndi awiri, amene anaweramitsa mitu mwaulemu. Inagwira chiuno chake.

"Mwanayo amakhala m'mwamba nthawi yaitali bwanji?"

"Kupuma kawiri, Mwinidziko," anayankha Anachisale kuchokera kumbuyo, asanafunsidwe.

Mlembi sanalembe kanthu. Lamulo loti wouluka adikire m'mwamba silinafufutidwe. Mpaka lero lili m'buku, tsamba 212, ndipo a Potozani amaliphunzitsa kwa oweruza atsopano.

Chaka chotsatira mpikisano unagwa m'nyengo ya chimfine. Nsanja yatsopano inkalira ngati yakale. Pansi pake panaima Felesiya, ndipo m'bwalo, kumbuyo kwa mizati, munaima wowakha watsopano wa gulu la Nong'onani, mtsikana amene anali ataswa dengu limodzi lokha la mazira, manja ake asanakhwime. Mwandida anakwera m'manja mwa mizati n'kucheukira kunsanja.

"Achemwali, mulipo?"

"Ndilipo. Pita."

Anamuponya, ndipo nthawi yomweyo mphuno ya mfumu inayamba kunyerenyetsa. Amene anakhala pafupi amati inagwira mpando ndi manja onse awiri, inatsina mphuno ndi mlomo wam'mwamba, maso anafiira, misozi inatsika, wolengeza ali chire pakamwa potsekula kudikira kuti afuule. Mfumu inasuzumira pansi, n'kuona pamwamba pa mutu wa Felesiya, nkhope yake italoza kwina. Mwandida anazungulira kamodzi. Anazungulira kachiwiri. Anatsika chagada m'manja otambasula a wowakha watsopano uja, n'kuponda pansi ndi mapazi onse awiri.

Apo m'pamene Chamtunda Wachinayi anayetsemula, chiyetsemulo choti nsanja inagwedezeka. Bwalo lonse linaomba, katatu, kanayi, kakhumi, osalekeza, Anachisale akuomba nawo misozi ili m'masaya. Tsiku limenelo ngakhale a Potozani sanayerekeze kufunsa kuti anthuwo akuombera yani.